Nyanga za Gwape za Achimwene a Nedson

Ine ndine Elube, mlongo wawo wa malemu a Nedson, ndipo ndineneretu kuti ndine munthu wosachedwa kupsa mtima. Achimwene anga sanali otero. Tinabadwa m'mimba imodzi konkuno kwa Kaomba, iwo oyamba ine wotsiriza, koma mukanatiika pamodzi mukanati wina ngwotola panjira. Ine ndine wolongolola. Iwo ankatha kukhala nanu m'chigafa tsiku lathunthu mukusoka fodya, mawu okhawo amene mungamve n'kukhala akuti, "Tandipatsirani mkangalawo." Kale anthu ankawatcha munthu wofatsa. Lero akuwatchula dzina lina, ndipo dzina limenelo ndi limene landichititsa kuti ndifotokoze moyo wawo mmene ndinauonera ine.

Moyo wawo unali wa fodya, monga wa mwamuna aliyense wa kuno. Ali mnyamata anakagwirako utenanti ku esiteti ina cha kwa Simlemba, n'kubwerako ndi njinga yakutha ndi msana wopweteka. Atabwerera anatsegula munda wawo m'mphepete mwa dambo, nakwatira alamu anga a Angelina, mayi wa chigwirizano wa mawu okoma, amene akayambitsa nyimbo pamaliro ngakhale amuna ouma mtima ankayang'ana pansi. Achimwene nawo anali munthu wa mpingo. Ndiwo ankaimba belu Lamulungu lililonse, chitsulo cha gudumu la thirakitala chopachikidwa pamtengo wa mthethe. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi yekha wokula, Alick.

Alick ameneyu anapita ku Joni kukafuna ntchito monga achitira anyamata athuwa. Anadwalira komweko, namwalira, ndipo anzake anamuika komweko chifukwa panalibe njira yobweretsera thupi. Ife kuno tinalira maliro opanda bokosi. Alamu anga sanaiwale zimenezo. Ankangoti, "Mwana wanga anapita ngati mlendo, popanda ndi mmodzi yemwe womuimbira nyimbo." Achimwene ankangolawirira kumunda n'kumalima ngati akulimbana ndi nthaka.

Chaka chomwecho, akuunda mizere pafupi ndi chulu, khasu lawo linafukula kamwala koyera, kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, kosongoka, m'mbali mwake muli timano tolingana. Timiyala totere si tachilendo kuno. Malume athu ankati ndi mitu ya mivi ya Akafula, anthu afupiafupi amene ankakhala m'dziko muno makolo athu asanafike. Aliyense akakapeza amangokaponyera kutchire. Koma achimwene anakapukuta ndi malaya, n'kubwera nako kwa ine ndikupalira nandolo.

"Elube, taona. Apa panadutsa dzanja la munthu."

"Ndiye ndichite nako chiyani? Ndikathire mu ndiwo?"

Sanaseke. Anati, "Munthu ameneyu anakhala pansi m'munda mwanga muja. Anali ndi ana. Lero palibe wodziwa dzina lake kapena pamene anagona, koma ntchito yake ndi iyi, ikadali yakuthwa." Pamenepo ndinadziwa kuti akukamba za Alick, ndipo ndinatseka pakamwa panga.

Kuyambira tsiku limenelo anafuna kudziwa mmene munthu uja anasemera mwala wopanda chitsulo. Panalibe wowaphunzitsa, abale inu. Ndani kuno angakuphunzitse zotere? Anayamba ndi kutola miyala yoyera kumtsinje n'kumaimenya ndi nyundo. Miyala inkangonyenyeka ngati mchere. Anasiya nyundo, natenga mwala wina wobulungira, ndipo anaona kuti akamenya cha m'mphepete, mopendeka, pamasupuka chibenthu chopyapyala chakuthwa kuposa lumo. Chimene chinawavuta ndi timano tija. Anayesa msomali, koma msomali unkaterera kapena kuphwanya nsonga yonse. Anayesa mtengo wouma, unkangofumbutuka. Anayesa nyanga ya mbuzi, koma ndi yamphako, inkapindika. Dzinja linadutsa, fodya anapita ku okushoni, iwo akadali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, zala zili mabala okhaokha.

Ndiye tsiku lina agalu a m'mudzi anagwira gwape kudimba. Pogawana nyama achimwene anakana mwendo, anati angowapatsa mutu. Anthu anaseka, amvekere a Nedson akalamba, ayamba kukonda ubongo. Zoseka zija anadzazikumbukira pambuyo pake, koma mwanjira ina.

Nyanga za gwape ndi zazifupi, zolimba kunsonga. Anadula imodzi, naipala pamwala mpaka nsonga yake inakhala ngati ya pensulo yobuntha, naizika m'kamtengo ka mlombwa kuti pakhale pogwira, n'kumanga ndi mphira. Ina anaisiya yokulirapo kunsonga. Pachikhatho ankaikapo lilime la nsapato yakale kuti mwala usawacheke. Ndinawaona ndi maso angawa tsiku limene zinatheka. Anaika chibenthu pachikopa chija, natsamiritsa nsonga ya nyanga m'mphepete mwake, nakankha pang'onopang'ono, phewa lonse likunjenjemera. Kunangomveka kuti the! Kachibenthu kochepa ngati mamba a nsomba kanagwera pamwendo pawo. Anasuntha nyanga pang'ono, the! Kenanso, the! Timano tija tinayamba kuoneka.

"Mwala sufuna kumenyedwa," anatero osandiyang'ana. "Umafuna uupeze pamene wavomera, ndiye uukankhe. Chitsulo chimauuma mtima. Nyanga imaluma pang'ono n'kugwira."

Ine ndinati, "Chabwino, mwaupeza. Nanga mwala udyedwa?"

Anangomwetulira. Kunena zoona, kanali koyamba kuwaona akumwetulira chimwalirire Alick, ndipo ndinapita kwanga mtima uli m'malo.

Zaka zingapo zinapita akuphunzirabe. Miyala yabwino ikasowa ankaphunzirira pa matako a mabotolo. Sanagulitsepo ngakhale kamodzi, sanasakirepo nyama. Zosakoma ankazikwirira kuti ana asaziponde, zokoma ankaziika m'chitini. Kampeni kamwala koyamba kuwakhalira bwino anapatsa akazi awo, ndipo alamu anga ankadulira ulusi posoka. Nyanga zija ankazisamala ngati ana. M'chilimwe zinkafuna kung'aluka, ndiye ankazidzoza mafuta a nsatsi. Magazi a m'zala zawo anazidetsa mpaka kuda bii. Akamaliza ntchito ankazikulunga m'kansalu, n'kuziika m'kathumba, n'kukapachika pamtanda wa chigafa kuti makoswe asazitafune.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka china mvula inadula fodya atangowokeredwa kumene. M'minda yambiri anapserera, koma wa achimwene, poti anali m'mphepete mwa dambo ndiponso ankathira manyowa a khola chaka ndi chaka, anaima masamba ngati makutu a njovu. Pothyola anafunika aganyu. Mayi wina waganyu, pofuna mkangala pamwamba, anagwetsa kathumba kaja. Anakamasula. Anakuwa mayi uja mpaka anthu a kuchigayo anamva.

Inu amene simunakulire kuno mwina simungamvetse. Nyanga yodzozedwa mafuta a nsatsi, yamagazi, yokulungidwa m'nsalu n'kubisidwa pamwamba, kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa ntchito yake. Imeneyo ndi ya mfiti. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kwa Lukwa. Amati n'chifukwa chake anakana nyama n'kufuna mutu. Amati n'chifukwa chake fodya wawo sanapserere, ankakawa wa anzawo. Koma mawu amene anandiwawa kufikira lero ndi awa: amati a Nedson anakhwimira mwana wawo, Alick sanafe imfa ya Mulungu. Asa! Anthu omwewo amene anadzakhala nafe pamphasa tikulira maliro opanda bokosi! Ine ndinapita kuchitsime n'kuwalalatira onse mmodzimmodzi, koma zinangokhala ngati ndathira palafini pamoto.

Akulu a mpingo anawaitana. Wotsogolera bwalo anali a Lucious, mnzawo wa paubwana amene ankaweta naye mbuzi. Ine ndinatsatira n'kukakhala panja pafupi ndi windo, poti sindikanatha kudikira kunyumba. Achimwene anatenga kathumba kaja ndi mwala, kuti awaonetse akuluwo ntchito yake.

"Ndiloleni ndikhale pansi pano ndiseme, muone nokha," anatero.

Mkulu wina anadzuka n'kuima pakhomo. "Musamasule zimenezo m'nyumba ya Mulungu!"

"Tiyeni panja tsono."

Palibe anavomera. A Lucious analankhula mofatsa, maso ali patebulo. "A Nedson, mpingo wakhumudwa. Anthu akukana kudya nanu mgonero. Njira ndi imodzi. Mubwere nazo nyangazi Lamulungu, muziwotche pamaso pa mpingo, mulape, nkhani ithe."

Achimwene anati, "A Lucious, kuwotcha si kovuta, agwape sanathe m'tchire. Koma ndikawotcha pamaso pa anthu, ndiye kuti ndavomera kuti ndinadya mwana wanga. Zimenezo sindinganene, chifukwa ndi bodza."

Anawaimitsa mgonero, nawalanda belu. Ndipo aliyense ankadziwa chotsatira chake: munthu akamwalira ali kunja kwa mpingo, mpingo sumuimbira. Amayi a chigwirizano savala zoyera, m'busa sabwera, amangokutengani chetechete kupita kumanda.

Mukuganiza kuti anasiya kupemphera? Lamulungu lililonse ankavala jekete yawo, n'kukakhala pabenchi yakumbuyo, okhaokha, anthu atasiya mpata mbali zonse. Kusema nakonso sanasiye. Anachoka kuseri kwa nyumba n'kumakhala kutsogolo, masana dzuwa likuswa mtengo, kuti wofuna kuona aone. Palibe anabwera. Anthu anatsegula kanjira kena kozungulira kuseri kwa nkhokwe, ndipo njira ya pakhomo pawo inamera udzu. Alamu anga ankapitabe ku chigwirizano, koma anasiya kuyambitsa nyimbo. Anawonda mayi aja, malaya oyera aja n'kumangolendewera.

Kenaka chifuwa chinawagwira achimwene. Chinayamba ngati cha fumbi la fodya chimene tonse timakhosomola nthawi yosankha masamba, koma chawo sichinathe. Kuchipatala ku boma anawayeza, nawapatsa mankhwala, koma anatiuza mosabisa kuti mapapo atha. Pofika nthawi yofesa nazale sankathanso kufika kumunda. Ankangokhala pakhonde atatsamira khoma, nyanga ili m'manja, mphamvu yokankhira palibe.

Tsiku lina masana ndinawapeza alamu anga atagwada pamaso pawo. Sanachite manyazi ndi ine, anapitiriza.

"Bambo a Alick, ndakupemphani chiyani ine chikwatirane? Mwana wanga anapita wopanda nyimbo. Inunso mupite choncho? Ine ndaimbira maliro a mudzi wonse uno. Ndidzakhale chete pa maliro a mwamuna wanga? Wotchani, ndapota nanu. Mulungu akudziwa zoona zake."

Ndinati, "Alamu, mukudziwa chimene mukupempha? Akawotcha, dzina limeneli silidzachokanso. Adzukulu athu adzatchedwa a kwa mfiti. Achimwene, musayerekeze! Nyimbo n'chiyani? Ndidzakuimbirani ine ndekha, ngakhale mawu anga ali ngati a khwangwala."

Achimwene anaseka pang'ono mpaka chifuwa chinawatsamwitsa. Chitatha anandiyang'ana, nati, "Elube, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Iwe ukumva kuwawa kwa dzina. Awa akumva kuwawa kwa manda awiri." Anapuma kaye. "Dzinalo ndi langa, ndipo ine ndikupita. Awa ndiwo atsale."

Ndinalira ndi ukali, ndinawatchula amantha, ndinamenyetsa chitseko potuluka. Iwo anali atatsimikiza kale.

Lamulungu lotsatira tinawanyamula pangolo. Panja pa tchalitchi anasonkha moto wa zitsononkho, mpingo wonse utazungulira, ngakhale amene anali asanapondeko chaka chonse. Achimwene anatsika mogwiririra, namasula kansalu kaja okha. Anatulutsa nyanga yoyamba ija, ya chogwirira cha mlombwa, imene inali itasalala ndi dzanja lawo. Anaisisita kamodzi ndi chala, naiika pamoto bwinobwino ngati akugoneka mwana. Kenaka inzake. Nyanga ikamapsa imanunkha ngati tsitsi, zimenezo aliyense wowaula mutu wa mbuzi amadziwa. Koma tsiku limenelo anthu anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno, amvekere, "Mwamva fungo la ufiti!"

A Lucious anafunsa mokweza, "A Nedson, kodi mukulapa?"

Achimwene anayankha motsitsa, "Ndine wochimwa, monga munthu aliyense."

Mkulu wina anatsegula pakamwa kuti afunse zambiri, koma a Lucious anamudula msangamsanga, "Amen! Mpingo wamva." Ndinawayang'ana a Lucious pamenepo, iwo n'kuthawitsa maso. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti bambo amene uja sanakhulupirirepo kuti mnzake ndi mfiti. Ankangoopa anthu. Nthungululu zinamveka, ndipo achimwene analandira mgonero tsiku lomwelo.

Mvula yoyamba isanagwe anamwalira.

Maliro ake, abale, ndisaname, anali aakulu. Amayi a chigwirizano anabwera mbuu, a kuno ndi a mipingo yoyandikana, atanyamula nkhata za maluwa. Nyimbo zinayambira pakhomo mpaka kumanda osadukiza. Njira ija inamera udzu inapondedwa tsiku limodzi n'kukhalanso njira. Alamu anga, ngakhale anali ofedwa, anayambitsa okha nyimbo imodzi, mawu aja anabwerera, anthu n'kulira.

Kenaka mlaliki anaimirira. Anali mlendo wochokera kutali, anangouzidwa mbiri m'mawa womwewo. Anati, "Abale, amene wagona apayu anayenda mu mdima zaka zambiri. Manja ake anagwira zonyansa, nyumba yake yomwe sanaimvere chisoni. Koma taonani chisomo! Monga mbala ija ya pamtanda, mfiti iyi inalapa pa ola lotsiriza!" Anthu anavomera Amen wamphamvu.

Nyumba yake yomwe sanaimvere chisoni! Pamaso pa bokosi lawo! Ndinadzuka ine kuti ndimuyankhe. Koma dzanja linagwira chitenje changa n'kundikokera pansi. Anali alamu anga. Sanandiyang'ane, anangogwira zolimba mpaka ulaliki unatha.

Miyezi inapita ndisakuwalankhula bwino. Dzina lija linakhazikika monga ndinanenera. Ana akamadutsa pamunda wa m'mphepete mwa dambo amati ndi munda wa mfiti yolapa, ndipo amanena mopanda njiru, ngati akutchula dzina la mtsinje. Chitini cha timiyala tija ndinachitenga ine, chili m'nyumba mwanga, ndipo wofuna kundinena andinene.

Fodya atapita ku okushoni ndinati ndikawaone alamu, poti ukali suphika ndiwo. Linali tsiku la chigwirizano, koma ndinawapeza pakhonde atavala chitenje chakumunda, akusoka chigamba pa thumba. Malaya oyera aja sanali pathupi. Pomaliza msoko anapisa dzanja m'mbale ya singano, natulutsa kampeni kamwala kaja, nadula ulusi kamodzi.

Ndinati, "Mukadali nako? Simukuopa kuti akuonani?"

"Andione," anatero. Anakatembenuza m'manja, timano tija tikunyezimira. "Alamu, inu mumaganiza kuti ine ndinkakayika? Ndinkakhala pambali pawo akusema. Mabala a m'zala zawo ndinkamanga ndine. Mafuta a nsatsi aja ndinkatenga ndine kwa amayi anga. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti ndi nyanga za gwape basi."

"Nanga bwanji munandigwira tsiku lija?"

"Mukanalankhula, nyimbo zikanaleka asanalowe m'manda. Achimwene anu anali atazilipira kale." Kenaka anati, "Ndinkafuna nyimbo, alamu. Anandipatsa. Koma chichokereni kumanda kuja, ndikati nditsegule pakamwa kuti ndiimbe, ndimamva fungo la nyanga ikupsa."

Belu la chigwirizano linalira kutchalitchi, chitsulo chomwe chija cha pamtengo wa mthethe. Tonse tinalimva. Alamu anga anatenga thumba lina, nalowetsa ulusi m'singano, n'kuyamba kusoka.